Apongozi a mu Buti

Amuna anga anagula galimoto ali ndi tepi yoyezera m'manja. Anzawo akamagula galimoto amatsegula boneti, amamvetsera injini, amamenya matayala ndi phazi ngati akudziwapo kanthu. Iwo ayi. Anazungulira kumbuyo, n'kukweza chitseko cha buti, n'kuyamba kuyeza m'lifupi, m'litali, kuchoka pansi kufika kudenga. Anagoneka mipando ya kumbuyo, n'kuyezanso. Wogulitsa uja anandiyang'ana ngati akufunsa kuti kodi bambowa zikuwayendera bwinobwino, ine n'kuyang'ana kumbali.

Ntchito yawo ndi yokonza mafiriji. Kwa zaka zambiri, firiji ikawonongeka ku Chinsapo kapena ku Area 25 ankapita pa minibasi ndi chikwama cha zitsulo, ndipo ikakhala yofunika kubwera nayo kunyumba ankachita kuchonderera mwini lole. Choncho iwo ankafuna galimoto yoti firiji ilowe. Ine ndinkafuna salunu yaitali, yonyezimira, yoti ndikamatsika pa tchalitchi amayi anzanga apotoze makosi. Imene inalowa pakhomo pathu ku Area 23 inali ya mtundu uja wokwera m'mwamba pang'ono koma waufupi, yodulidwa kumbuyo ngati buledi. Tsiku lomwelo ndinaipatsa dzina lakuti kagalimoto kopanda matako.

"Ukaipa dziwa nyimbo," anatero amuna anga. "Taonani kaye sipesi ili m'katimo."

Nyimbo kankaidziwadi. Kunja kankaoneka kochepa, moti kankalowa pa geti yathu yopapatiza osakhudza njerwa, koma ukakhala m'kati unkadabwa kuti malo onsewa achokera kuti. Denga linali patali ndi mutu. Mpando wa kumbuyo unali wogawika pawiri, mbali yaikulu ndi yaing'ono, ndipo ukakoka kachingwe mbali iliyonse inkagona payokha, pansi n'kukhala posalala ngati tebulo. Tayala la sipeya linali lobisika kunsi, silinkadya malo. Chitseko cha kumbuyo chinkatsegukira m'mwamba n'kuima pomwepo, moti mvula ikamagwa unkatha kubisala pansi pake. Ndinaona firiji ya pa golosale ikulowamo, ndinaona makina ochapira zovala, tsiku lina matumba a chimanga ndi njinga ya mwana wathu pamwamba pake. Salunu ija ndinasiya kuitchula, ngakhale dzina lija sindinalichotse.

Mayi anga amakhala ku Kawale, m'nyumba imene malemu bambo anatisiyira. Anabwera m'tauni ali mtsikana kuchokera kwathu ku Dowa, ndipo tauni inawasintha zambiri. Ali ndi foni, amadziwa kutsutsana ndi wowerenga mita ya madzi, ndipo pa msika wa Kawale palibe angawapusitse. Chimodzi chokha tauni inachilephera, ndicho nkhani ya apongozi. Kwathu mayi wa mkazi ndi mkamwini wake amathawana. Sayang'anana kumaso, sakhala pa mphasa imodzi, wina sadya mnzake akuona, ndipo onse amatchulana kuti apongozi. Si chidani ayi, ndi ulemu umene. Amayi a anzanga anazisiya kalekale zimenezi, pa ukwati amavina atagwirana manja ndi akamwini awo. Anga, amuna anga akafika ku Kawale, ankalowa kukhitchini n'kukankha chitseko, moni n'kumadutsa pa zenera. Ana athu anabadwa mpaka kufika ku sekondale, koma amuna anga akanakumana ndi mayi mu msika sakanawazindikira. Ankawadziwa mawu, ndi zidendene zikamazimiririka kuseri kwa nyumba.

Musaganize kuti amuna anga ankadandaula. Iwo ndi a ku Ntchisi, nawonso anakula nazo. Ndikawanena kuti inu ndi mayi mukukhala ngati tili m'nthawi ya makolo, ankangoseka n'kunena kuti mkamwini asamakule mwendo.

Mayi ali ndi matenda a shuga. Chaka chimenecho, mvula itangoyamba, anaponda kawaya kuseri kwa bafa, kabala kake kakang'ono pansi pa phazi. Sananene. Ankangomanga kansanza n'kumapita ku msika. Ndinadziwa chifukwa cha fungo tsiku lina nditakhala nawo pafupi, ndipo pamene ndinamasula kansanza kaja ndinapeza bala litakula. Ku chipatala dokotala sanazungulire. Anati balalo liyenera kutsukidwa ndi kumangidwa komweko kangapo pa sabata, asaliponde, ndipo phazi lizikhala lokwezeka. Zikapanda kutero, anatero, adula mwendo. Anaika chala chake m'munsi mwa bondo la mayi kusonyeza malo ake.

Ulendo woyamba tinayesa minibasi. Anayianayi pa mpando, bondo lopinda, dengu la tomato pamiyendo ya munthu wina, ndipo pa siteji ya ku Biwi mnyamata wotsika mothamanga anaponda pa bandeji penipeni. Mayi sanalire, anangondigwira dzanja mpaka zikhadabo zinalowa. Kabaza sitinaiganizire n'komwe, phazi lotero silingalendewere pa njinga. Mchimwene wanga ali ku Joni. Ine kuyendetsa galimoto sinditha. Ndiye ndinawauza mayi zimene munthu aliyense akanaganiza, kuti galimoto tili nayo ndipo apongozi awo azidzawatenga.

"Iwe, mutu wako ukuyenda bwino?" anatero mayi. "Ine ndikhale m'kachipinda kamodzi ndi apongozi, mazenera otseka, tikupumirana mpweya?"

"Muzikhala kumbuyo, mayi. Iwo kutsogolo."

"Nanga kagalasi kaja?"

"Kati?"

"Kamene amaonera kumbuyo. Ukuyesa sindikadziwa? Maso awo ndi anga akakumana m'menemo, ndithawira kuti, galimoto ikuyenda?"

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinatengera bambo. Ndinaimirira n'kuwauza kuti asankhe chimodzi, mwendo kapena manyazi. Anandiyang'ana modekha n'kunena kuti mwendowo ndi wawo. Tsiku lotsukitsa bala linafika n'kudutsa ali khale pa khonde, phazi lili pa kampando.

Ndinafika kunyumba ndili ndi ukali, n'kukhuthulira amuna anga zonse, ngati olakwa ndi iwo. Anamvetsera osandidula. M'mawa mwake ndinawapeza panja atatsitsa zitsulo zonse m'galimoto, akukolopa pansi pa buti ndi madzi a sopo. Atandiona anatulutsa tepi.

"Apongozi ndi aatali bwanji?" anandifunsa.

Ndinafuna kuseka, koma ndinakumbuka kuti sakudziwadi. Ndinawauza kuti amandilekeza m'khutu. Anandiimika pa khoma n'kundiyeza kuchoka kuphazi kufika kukhutu, kenako anandikhazika pansi nditatambalala n'kuyeza kuchoka kumsana kufika kuchidendene. Anatenga matiresi a alendo, osandipempha, n'kuwacheka ndi mpeni wanga wa kukhitchini. Anagoneka mbali yaikulu ya mpando wa kumbuyo n'kuyalapo matiresiwo kuyambira kuseri kwa mpando wa kutsogolo mpaka ku chitseko cha buti. Mbali yaing'ono anaisiya ili chiimire, anati umenewo ndi mpando wanga. Kenako anamanga waya wa makatani kuchoka pa chogwirira cha pamwamba pa chitseko china kufika pa chinzake, n'kupachikapo zitenje zanga ziwiri, zolowana pakati kuti pasakhale mpata. Atakhala pa chiwongolero n'kuyang'ana m'kagalasi kaja, anangoona maluwa a chitenje.

"Mukawauze kuti m'galimotomu muli zipinda ziwiri," anatero. "Chawo chili ndi khomo lakelake kumbuyo. Ine kumeneko sindifikako."

Ku Kawale analowa chobwerera m'mbuyo mpaka buti inayang'anizana ndi khonde la mayi. Anatsika, n'kukweza chitseko, n'kupita kukaima patali pansi pa mtengo wa mango wa aneba, atatembenukira kumsewu. Mayi anatuluka atatsamira phewa langa, nkhope ili yokana kale. Anasuzumira m'kati ngati munthu wofuna nyumba ya lendi. Anakoka chitenje kuona ngati chikutseka. Anakanikiza matiresi ndi chikhatho. Anayang'ana denga n'kugwira duku lawo.

"Wayala ndani?" anafunsa.

"Apongozi anu."

Kenako anatembenuka n'kukhala pamphepete pa buti, ndipo msinkhu wake unali wofanana ndi khonde lawo lomwe, sanachite kukwera kapena kugwera. Anadzikhwekhwereza ndi manja chobwerera m'mbuyo mpaka msana unakatsamira pilo kuseri kwa mpando wa kutsogolo. Miyendo yonse iwiri inatambalala monga amakhalira pa mphasa, phazi lodwala pa pilo wina, ndipo kumapazi kunatsala malo oika thumba. Ndodo zawo zoyendera zinagona m'mbali. Ine ndinalowa pa chitseko cha pambali n'kukhala pa kampando kanga, ndikuyang'ana kutsogolo, iwo akuyang'ana kumbuyo, mapewa athu atagundana.

"Uwauze ayende," anatero mayi.

Kuyambira pamenepo ndinapeza ntchito yachiwiri pamwamba pa uphunzitsi, ntchito yonyamula mawu kudutsa chitenje. Mutu wa mayi ndi mutu wa amuna anga zinkatalikirana osafika mkono umodzi. Aliyense ankamva mnzake bwino lomwe. Koma mayi akati, "Uwauze apongozi kuti hampu ija aikwera bwino," amuna anga ankangokhala duu kudikira kuti ine ndibwereze, kenako n'kuyankha kuti, "Muwauze zikomo." Ndikatopa n'kufupikitsa, mayi ankandidzudzula pomwepo. "Sindinatero ine. Unene mmene ndanenera."

Amuna anga ankayendetsa ngati anyamula firiji ya galasi. Dzenje lililonse la pakati pa Kawale ndi tauni ankalizungulira, likakhala losazungulirika ankalilowa tayala limodzilimodzi. Madalaivala a minibasi ankaimba mabelu kumbuyo kwathu, ndipo popeza mayi ndi amene ankayang'anizana nawo pa galasi lalikulu la kumbuyo, ndiwo ankawayankha. Ankawakodola ndi dzanja kuti adutse, kapena kuwaloza chala akayandikira kwambiri. Anayamba kuukonda mpando wawo. Ankati Lilongwe amaoneka bwino ukamamusiya kusiyana ndi ukamamulowa. Ankandiuza nyumba zimene zamangidwa kumene, ndi mayi wina wogulitsa chimanga chootcha amene ankaoneka kuti ali ndi pakati. Chotupa cha m'kati mwa buti, pamwamba pa tayala, anachisandutsa potsamiritsa mkono, ndipo m'kathumba ka m'mbali ankasungamo foni ndi buku la kuchipatala. Ine ndinkangodabwa kuti kagalimoto kakang'ono chonchi kanyamula chipinda chogona, pabalaza, ndi mwambo wonse wa ku Dowa, koma pobwerera tinkapezabe pokwanika mtolo wa mpiru ndi thumba la makala laling'ono.

Tsiku lina wapolisi wa pamsewu anatiimika. Anaona zitenje zija n'kukayika.

"Bwana, kumbuyoko mwanyamula chiyani?"

"Apongozi, bwana," anayankha amuna anga.

Wapolisi uja anazungulira n'kukweza chitseko cha buti, ndipo anapeza mayi atatambalala, manja pamiyendo. Anawapatsa moni waulemu n'kufunsa chifukwa chake sanakhale pa mpando. Mayi anamuonetsa bandeji, kenako anamufunsa ngati ali pabanja. Anati eya. Anamufunsa ngati amake a mkaziyo alipo. Anati alipo, ku Mitundu.

"Ndiye mumakhala nawo mpando umodzi, bambo?"

Anaseka atagwira pakamwa, n'kutseka chitseko mosamala. Pa zenera anangouza amuna anga kuti aziyenda mofatsa, ngati kuti akanatha kufatsa kuposa pamenepo.

Bala la shuga silithamanga. Linkachepa, n'kuima, n'kuyambanso kutulutsa madzi. Chala chimodzi chaching'ono chinada, anachichotsa. Nthawi zonse ndikamufunsa dokotala za mwendo ankangoti tiyeni tione, ndipo ine ndinkayang'ana malo aja a m'munsi mwa bondo. Amuna anga ntchito zawo anazikankhira kumasana. Firiji yaing'ono ankaibweretsa itaima pa kampando kanga, yaikulu ankauza mwini wake kuti akonzera komweko, chifukwa matiresi a apongozi sankachotsedwa ndipo sankaikapo chitsulo. Mvula ikatipeza pa chipatala, mayi ankakhala pamphepete pa buti, chitseko chili pamwamba pawo ngati denga, ine n'kumawakulunga phazi ndi pulasitiki osanyowa.

Kenako inafika sabata ya mayeso kusukulu kwathu, ndipo tsiku lotsukitsa bala linagwera pa tsiku limene sindikanatha kuchokapo. Mayi anati basi adumpha kamodzi, palibe kanthu. Ine ndinati akadumpha asandiitanenso mwana wawo. Tinasiyana choncho. Zimene zinachitika tsikulo sindinazione, ndinauzidwa ndi amuna anga madzulo ake, tili awiri kuseri kwa nyumba, akulankhula chapansipansi ngati mayi ali kuseri kwa khoma.

Anapita ku Kawale m'mawa monga mwa masiku onse. Analowa chobwerera, anakweza chitseko, anakaima pansi pa mango. Anadikira nthawi yaitali. Kenako anamva ndodo zikugogoda simenti, galimoto n'kutsika pang'ono kumbuyo, ndipo mayi oyandikana nawo nyumba anatseka chitseko. Atakhala pa chiwongolero anasowa chochita, chifukwa sakanayenda osadziwa ngati phazi lakhala bwino, ndipo wonyamula mawu panalibe. Ndiye anagogoda pa chiwongolero n'kulankhula ndi galimoto.

"Galimoto iwe, tawafunsa apongozi ngati akhala bwino."

Kuseri kwa chitenje kunamveka mawu. "Uwauze kuti ndakhala. Ayende."

Anayenda choncho mpaka ku chipatala, kagalimoto kakugwira ntchito yanga, ndipo akuti sikanafupikitse mawu ngakhale kamodzi.

Vuto linabwera pobwerera. Mayi amabaya mankhwala a shuga m'mawa, ndipo akabaya ayenera kudya nthawi yake isanapitirire. Ndikakhalapo ine, ankadyera pa benchi la ku chipatala amuna anga ali kunja. Tsikulo mzere unali wautali, ndipo atatuluka anachita manyazi kuti apongozi adikira kale kwambiri. Analowa m'galimoto osadya. Mbatata ndi tiyi zinali pambali pawo pomwepo, koma akanatafuna bwanji apongozi akumva? Pa mlatho panali mdipiti wa magalimoto, dzuwa litatuluka pambuyo pa mvula. Atawoloka, amuna anga anatuma galimoto kufunsa ngati atsegule zenera. Panalibe yankho. Anafunsanso mokweza. Anangomva kubuula.

Anaimika pambali pa msewu chakufupi ndi Biwi n'kuthamangira kumbuyo. Akuti anayamba agogoda kaye pa galasi n'kunena kuti odi. Atakweza chitseko anapeza mayi atapendekeka, thukuta lili kamukamu, maso ali theka, akulankhula zosamveka. Anamwino anali atatiuza kale zochita shuga akatsika. Anathamangira pa okala n'kugula chakumwa chotsekemera. Kenako anavula nsapato n'kulowa m'chipinda chimene analonjeza kuti sadzafikako. Malo analipo. Anagwada pambali pawo mutu osagunda denga, n'kukweza mutu wa mayi pa mkono wawo, n'kumawamwetsa pang'onopang'ono.

"Mumafanana nawo pamphumi," anandiuza. "Ndipo ali ndi kachipsera pachibwano. Inu simunandiuzepo."

Patapita kanthawi maso a mayi anayera. Anaona denga, anaona botolo, kenako anaona nkhope imene inali pamwamba pawo. Anayang'anana. Ndiye mayi anatsinzina, kutsinzina kwa dala, kothina. Amuna anga anamva. Anagoneka mutu uja pa pilo, anaika botolo m'dzanja lawo ndi mbale ya mbatata pafupi, anatuluka chobwerera m'mbuyo n'kutseka chitseko. Anakaima patali kwa nthawi yokwanira munthu kudya mbatata ziwiri. Atabwerera pa chiwongolero, mawu anachokera kuseri kwa chitenje.

"Galimoto, taima chifukwa chiyani?"

"Uwauze kuti tayala linachepa mpweya," anayankha. "Komanso tibwerera ku chipatala, ndaiwalako kanthu."

Anabwerera, anamwino anawayeza, ndipo anawalola kupita kunyumba.

Amuna anga anandipempha kuti ndisaitchule nkhaniyi kwa mayi. Anati ikangotchulidwa sadzakweranso, ndipo mwendo upita. Ine pakamwa panga sipasunga madzi. M'mawa mwake ndinapita ku Kawale n'kufunsa mozungulira kuti ulendo unayenda bwanji popanda ine.

"Ndinagona njira yonse," anatero mayi akusankha nyemba. "Msewu unali wosalala."

Msewu wa Kawale, nthawi ya dzinja, wosalala! Anthu awiriwa anali atagwirizana bodza limodzi popanda kulankhulana, ndipo bodzalo ndi limene linasunga khomo la kumbuyo lija kukhala lotsegula. Ndinawakwiyira chifukwa mwambo wawowo ukanandiphera mayi, ndipo ndinawakonda onse awiri kuposa mmene ndinawakonderapo. Kuyambira tsiku limenelo, pobwerera ku chipatala amuna anga nthawi zonse ankakhala ndi kachitsulo kofunika kukafunsa ku Biwi. Ankaimika pamthunzi, n'kutsika, n'kupita kutali, ndipo mayi ankatsegula mbale yawo.

Mvula inatha, udzu unauma, mphepo ya chisanu inayamba. M'mawa wina dokotala anamasula bandeji, anakanikiza ndi chala kuzungulira pamene panali bala, n'kunena kuti latsekeka. Anati mwendo ukhala. Anawauza kuti ayambe kuuponda pang'onopang'ono, azivala nsapato zofewa ndipo asayendenso opanda nsapato ngakhale kubafa. Ine ndinalira pamaso pa anthu. Mayi anangovala nsapato yawo n'kumanga chitenje.

Panja amuna anga anali atakweza kale chitseko n'kukaima patali. Mayi anaima n'kuyang'ana matiresi aja, koma sanakhale.

"Uwauze apongozi kuti ndathokoza," anatero. "Chipinda chawo ndabweza, aikemo mafiriji. Ine ndikwera minibasi."

"Mayi, mwayambanso?"

"Ndinalowa m'menemu chifukwa ndinalibe mwendo. Lero ndili nawo."

Ndinakalipa mpaka alonda a pa geti anatembenuka. Sizinathandize. Ndinapita kwa amuna anga kuti mwina iwo anenepo kanthu, koma anangoti ndiwasiye, akudziwa chimene akuchita. Nkhope yawo inali yogwa. Tinawaona mayi akuyenda ndi ndodo imodzi mpaka pa siteji, kondakitala n'kuwapatsa mpando wa pakhomo. Ine ndinakhala kutsogolo pambali pa amuna anga, ndipo tinaitsatira minibasi ija. Ikaima kutsitsa anthu nafe tinkaima, ikanyamuka tinkanyamuka, kumbuyo kwathu kuli matiresi opanda munthu.

Anatsikira pa siteji ya kwawo n'kulowa kanjira kopita kunyumba. Kanjirako n'kopapatiza, kokwana galimoto imodzi, ndipo mbali zonse kuli ngalande za madzi a mvula. Ankayenda pang'onopang'ono, akutsimphina pang'ono, osadziwa kuti tili kumbuyo. Amuna anga anasiya mpata waukulu n'kumakwawa. Koma lole ya mchenga inalowa kanjira komweko kumbuyo kwathu n'kuyamba kuimba belu, ndipo anakakamizika kusendera kutsogolo.

Mayi anamva belu lija n'kucheuka. Anaizindikira galimoto, ndipo anaona amene ali pa chiwongolero akubwera maso ndi maso, popanda chitenje, popanda khoma kapena chitseko chothawirako. Anapana ndodo m'khwapa. Anakweza chitenje chawo pang'ono ndi dzanja limodzi. Ndisanatsegule pakamwa, analumpha ngalande ija n'kukatera tsidya, ndipo anaima chilili atayang'ana mpanda wa eni ake, msana uli kumsewu.

"Mayi!" ndinakuwa. "Dokotala wati pang'onopang'ono!"

Amuna anga anaponda buleki pakati pa njira. Lole ija inkangoimba belu, dalaivala wake atatulutsa mutu pa zenera, koma iwo sankamva. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Mwaona?" anatero. "Aterera mwendo womwe uja."